Kathengo Kamene Sitidakalembe pa Mapu

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndidapeza kuti pakamwa panga sipadapume nawo. Zaka zonsezo ndinkakalipira ana a eni, tsopano ndidatsala ndi nkhuku ndi amuna anga, ndipo onsewo sankandiyankha. Ndiye tsiku lomwe adalengeza kutchalitchi kuti pakufunika anthu olowa mu komiti ya chitukuko, poti a mapulani akubwera kudzakonza m'mene senta yathu idzakhalire ikamakula, ndidakweza dzanja asadamalize n'kulengeza komwe. Adandisankha kukhala mlembi. Ena ankati andisankha chifukwa cha dzanja langa labwino polemba, koma ine ndikudziwa kuti ankaganiza kuti munthu akagwira cholembera amachepetsako kulankhula. Adadzinamiza, kupatula tsiku limodzi lokha.

Senta yathu ili m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ukapitirira Msundwe koma usadafike ku Namitete. Pamene ndinkakwatiwa padali magolosale atatu ndi chigayo chimodzi. Pofika nthawi yomwe ndikunenayi anthu a m'tauni adali atayamba kugula malo ndi kumanga mipanda ya njerwa, mavenda atadzaza m'mphepete mwa tala, ndipo mathiraki a soya ndi mtedza ankaima paliponse pomwe dalaivala wamva ludzu. Ndidali nditaperekeza kale kumanda mtsikana yemwe ndidamuphunzitsa sitandade 4, atagundidwa akugulitsa tomato. Choncho nditamva zoti kudzakhala msika weniweni ndi depoti kutali ndi tala, ndidali woyamba kuzifuna, ndipo mpaka lero sindinena kuti zidali zoipa.

Kuti mumve chomwe ndidalakwa, ndiyambe ndanena za kathengo kena kamene kadali kumunsi kwa senta, pomwe minda inkathera ndi kuyamba dambo. Kwa munthu wodutsa kadali tchire chabe, tsekera ndi minga ndi timitengo tochepa. Kwa ife amayi a midzi itatu yozungulira, pamenepo ndi pomwe tinkaika ana obwerera, aja obadwa atafa kale kapena omwalira mchombo usadagwe. Mwana wotere kwathu kuno timati kansenye, ndipo sapita kumanda a anthu akuluakulu. Amaikidwa ndi amayi okhaokha, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda kulira. Dzenje lake silifika ndi m'mawondo momwe, poti amati mukakumba mozama mwakwirira ndi mimba ya mayi wake yomwe. Sitiikapo mtanda kapena mwala. Amuna safikako ndipo sitiwauza. Mwamuna amene angaoneke kuti akuwadziwa bwino malowo anthu amayamba kumuyang'ana ndi diso lina, chifukwa ofunafuna timitembo totere ndi aja okhwimira mabizinesi.

Mwana wanga woyamba adagona pamenepo. Adali wamwamuna, adakhala masiku atatu, dzina tisadamupatse. Bambo ake ndi akamwini, kwawo ndi ku Kabudula, ndipo nthawi imeneyo adali kutali pa esiteti ya fodya. Atabwera adangouzidwa kuti mwana adabwerera. Adakhala pakhonde masiku awiri, lachitatu adatenga khasu n'kupita kumunda. Tabereka ana ena asanu ndi kuwakulitsa, tamera imvi tili limodzi, koma iwo sadandifunsepo kuti mwanayo ali kuti, ine sindidawauzepo.

A mapulani adabwera atatu, ndipo wowatsogolera adali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga womaliza. Ndidapita kumsonkhano nditakonzeka kudana naye, poti anthu a m'tauni ndimawadziwa, amabwera ndi mayankho m'chikwama n'kumatifunsa mafunso ongotinyengerera. Koma mtsikanayu adagwada popereka moni, Chichewa chake chidali cha kumudzi, ndipo wina akamalankhula ankadikira mpaka amalize. Ndidasowa pomugwira.

Msonkhano udachitikira pabwalo la sukulu, pansi pa mitengo ya malaina. Amuna adakhala pa mabenchi, amayi pa mphasa mbali ina, ine pa desiki pakati pawo ndi kope langa. Mtsikana uja adati iye dera lathu salidziwa, tilijambule tokha pansi. Misewu tidailemba ndi phulusa, nyumba zidali zitsononkho, mijigo zitsekerero za mabotolo, sukulu ndi matchalitchi zidutswa za njerwa. Anthu adasangalala ngati ana. Mwini golosale wina adakana chitsononkho chomwe adamuikira, ati n'chaching'ono poyerekeza ndi sitolo yake, mpaka adakafuna china yekha. Ine ndiye ndidalankhula tsiku limenelo. Ndidanena za msika wopanda chimbudzi, za ngalande yomwe imathira madzi m'makalasi, za ophera mbuzi kuseri kwa sukulu, za bala lomwe nyimbo zake zimaposa kwaya yathu Lamulungu. Wapampando, bambo wogulitsa feteleza, adandikumbutsa kawiri kuti mlembi amalembanso.

Titamaliza zonsezo mtsikana uja adatenga masamba m'manja n'kuima pakati pa mapu athu a phulusa.

"Manda sitikhudza," adatero. "Paliponse pamene pagona munthu ikanipo tsamba. Mukasiya lero, mapu akakalembedwa adzaonetsa kuti palibe kanthu."

Amuna adadzuka n'kuika masamba pa manda atatu a midzi yathu. Iye adafunsanso ngati atha, iwo adati atha. Kenako adatembenukira kumphasa, n'kutsitsa mawu.

"Amayi, palibe pena? Ngakhale akalekale, ngakhale aang'ono?"

Ndikhulupirira kuti ankadziwa chomwe ankafunsa, poti nayenso adabadwa kwa mayi. Kumphasa kudati zii. Wina adayamba kukonza mwana kumbuyo, wina kuchotsa chisoso pa chitenje. Pakati pawo padali mayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga ondibereka, omwe adanyamula mwana wanga ndi manja awo kupita naye kukathengo kaja ine ndili m'chikuta. Adandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono, moti wina aliyense akadati akuingitsa ntchentche.

Sindinganamizire iwo okha. Pa mabenchi padali abusa, akulu a mpingo, ndi anyamata omwe ndidawaphunzitsa kuwerenga omwe tsopano ali ndi ndevu. Ine ndidali mphunzitsi, mayi wovala zoyera za kumpingo, yemwe ndinkadzudzula anzanga pa za zithumwa ndi kuombeza. Ndikadaima n'kunena za malowo, aliyense akadadziwa kuti inenso ndidapereka mwana wanga kuti akaikidwe kutchire popanda pemphero. Amati mbewa ya manyazi idafera ku una, koma tsiku limenelo manyazi adali anga, ovutika adali ena. Mtsikana uja adafunsa kachitatu. Ndidaweramira kope n'kulemba kuti manda ndi atatu, palibe ena.

Kenako idabwera nkhani ya msewu. Msika watsopano ndi depoti ankafuna zikhale kuseri kwa senta, ndiye pankafunika msewu wochoka pa tala kukafika kumeneko. Mnzake wa mtsikana uja adakoka mzere wowongoka ndi ndodo, ndipo mzerewo udadutsa pa zitsononkho zisanu ndi ziwiri ndi chitsekerero chimodzi. Eni nyumbazo adadzuka onse nthawi imodzi. Padali phokoso loti wapampando adachita kumenya tebulo ndi nsapato.

Apa m'pamene amuna anga adakweza dzanja. Munthu ameneyu pamsonkhano salankhula, ngakhale pa milandu ya ana ake omwe amangoti zili bwino. Adaima chipewa chili m'manja n'kunena mofatsa kuti iwo sakuona chifukwa chogwetsera nyumba za anthu ndi mjigo pomwe kumunsi kuli tchire lomwe palibe amalima, mongokhala njoka basi. Adati msewu ukhote pang'ono udutse kumeneko. Adatenga ndodo ija n'kukoka mzere wina, wokhota, ndipo udadutsa pakati penipeni pa kathengo kaja.

Anthu adaomba m'manja. Wapampando adati taonani, mkamwini watipulumutsa eni mudzi tili chikhalire. Atsikana ena okwatiwa kumene, obwera, adaimba nthungululu. Padali madoda awiri omwe ndikudziwa kuti ankawadziwa malowo, poti adabadwira konkuno ndipo adakula akuona amayi awo akutsetserekera kumeneko ndi makasu, koma wina adayang'ana kumwamba, wina adayamba kufunafuna fodya m'thumba. Akadalankhula akadafunsidwa kuti adziwa bwanji. Amuna anga pokhala pansi adandiyang'ana akumwetulira, kufuna ndione kuti nawonso lero anenapo chanzeru. Ine ndidalemba ndi dzanja langa labwino lija kuti msewu udutse pa tchire la kumunsi, onse agwirizana.

Pobwerera kunyumba adali okondwa moti adagula mabanzi. Adandifunsa ngati mawu awo ndidawalemba monga momwe adanenera. Ndidawakalipira za mbuzi zomwe zidadya mbewu ya mtedza sabata yapitayo, nkhani yomwe idali itatha kale. Adangondiyang'ana modabwa n'kuika mabanziwo patebulo.

M'mawa mwake ndidapita kwa mayi anga aang'ono. Ndidawapeza akuswa mtedza pakhomo, ndipo ndidayamba kuwaimba mlandu ndisadakhale n'pansi pomwe. Adandisiya ndilankhule mpaka malovu adauma, kenako adandifunsa ngati ndinkafuna kuti ana athu akapachikidwe pakhoma la sukulu, pa pepala loti mwamuna aliyense wofuna kulemera aziwerenga n'kudziwa pokakumba. Adati malowo akhala osakhudzidwa kuyambira nthawi ya agogo awo chifukwa choti satchulidwa, ndipo tsiku lomwe adzatchulidwe ndi tsiku lomwe adzathe. Za msewu adangoseka. Adati anthu a mapepala adabwerapo kudzayeza za mipope, adabweranso kudzayeza za chipatala, ndipo mabikoni awo, timiyala tosonyeza malire, alipo mpaka lero, anthu amamangirirapo mbuzi. Mapulani a kuno amadyedwa ndi chiswe asadafike pa khasu, adatero. Ndidavomera mawu awo msanga, chifukwa adali mawu omwe ndinkafuna kumva.

Patapita miyezi mapu adabwera, osindikizidwa bwino, ndipo adawamata pakhoma la sukulu kuti amene ali ndi dandaulo anene masabata angapo asadathe. Malo a nyumba adali achikasu, a masitolo ofiira, manda atatu aja obiriwira. Msewu udali mzere wakuda wokhota, wodutsa pamalo oyera opanda mtundu uliwonse. Ndinkadutsa pamenepo tsiku lililonse ngati ndili ndi chochita kusukulu. Madandaulo ena ndinkawalandira ndine monga mlembi: uyu akuti malire ake alowa, uyu akuti khola lake aliiwala. Ndinkawalemba onse mosamala.

Sabata yomaliza ndidamupeza mtsikana uja yekha pafupi ndi galimoto yawo, akudya chinangwa chootcha. Ndidamuuza zonse, mwachangu, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Sadadabwe. Adasiya kudya n'kunena kuti, "Ndidafunsa katatu, amayi." Sadanene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake zidandiwawa.

Adati nthawi ikadalipo. Pankafunika kalata yosainidwa ndi amayi angapo, kenako timuonetse malowo ayeze ndi kamakina kake. Adalonjeza kuti pa mapu akhoza kungolemba kuti malo otetezedwa osanena chifukwa. Koma adandichenjeza kuti msewu ukachoka pamenepo ubwerera ku nyumba zisanu ndi ziwiri zija, poti kwina kuli dambo lonyowa, ndiye komiti iyenera kukumananso ndipo eni nyumbazo adzafuna kumva chifukwa chake pamaso pa anthu onse. Zimenezo iye sakadatha kutibisira.

Ndidalemba kalatayo tsiku lomwelo, n'kuyamba kuyenda nayo khomo ndi khomo kwa amayi omwe ndinkadziwa kuti ali ndi awo pamenepo. Ena ankandilandira bwino, n'kundipatsa mpando, koma akaona pepala ankati adikire kaye amve anzawo. Wina adati amuna ake akamva kuti wasaina za malo amenewo amuthamangitsa. Mayi anga aang'ono adandiuza kuti dzenje limodzi likadzapezeka lofukulidwa, anthu adzadziwa khomo loti akagogode. Womaliza adali mayi wina wamasiye yemwe nyumba yake idali imodzi mwa zisanu ndi ziwiri zija. Ndinkadziwa kuti ake awiri ali kukathengoko, chifukwa wachiwiriyo ndidakumba nawo ndine. Adamvetsera kalata yonse ndikumuwerengera, kenako adaloza adzukulu ake omwe ankasewera pafumbi.

"Aphunzitsi, amene ali kumunsiwo mvula siwanyowetsa. Awa ndikawagoneke kuti?"

Ndidapinda kalata yanga n'kutsanzika. Idali ndi dzina limodzi lokha, langa.

Ndikadatha kupita nayo choncho. Ndikadatha kuitanitsa msonkhano, poti kope ndi chidindo zidali kwa ine, n'kuima ndekha n'kunena. Munthu amene ndidakangana ndi boma lonse la senta pa nkhani ya chimbudzi sindikadalephera zimenezo. Chomwe chidandigwira si mwambo kapena mantha a afiti. Ndinkati ndikaganiza zoima pabwalo paja, ndinkaona amuna anga atakhala pa benchi akumva, pamaso pa anthu omwe adawaombera m'manja, kuti msewu womwe adakoka ndi ndodo adaukokera pa mwana wawo. Ndidati ndiwauze kaye kunyumba, mawa. Mawalo lidabala mawa linzake mpaka masiku a madandaulo adatha, mapu adachotsedwa pakhoma, kalata ili m'kope.

Zidapita mvula zitatu. Adabwera anthu kudzakhoma mabikoni, udzu udawakwirira. Mayi anga aang'ono adamwalira, tidawaika kumanda aakulu ndi nyimbo zambiri. Komiti yathu inkakumana mwa apo ndi apo kukangana za malo a mavenda, ndipo ine ndidayambiranso kulongolola monga kale. Amayi awiri adapita padera m'zaka zimenezo ndipo tidatsetserekabe ndi makasu kumalo omwe aja, tikulambalala mabikoni. Ndidayamba kukhulupirira kuti chiswe chagwiradi ntchito yake.

Katapila wolambula msewu adabwera m'chilimwe, pa lole yaikulu, popanda wotiuza tsiku. Ine ndidali kudimba kuthirira mpiru, mbali ina ya mudzi, ndipo nditamva kulira kwake ndidayesa chigayo chatsopano. Adandiuza ndi mayi wina wochokera kumjigo kuti msewu wa kudepoti wayamba. Ndidasiya khasu ndi keni pomwepo. Pa msinkhu wanga sindithamanga, koma tsiku limenelo ndidathamanga.

Pomwe ndinkafika adali atadutsa kale kawiri. Theka la kathengo lidali dothi lofiira, mitengo itaunjikidwa pambali mizu ili m'mwamba. Ndidaima kutsogolo kwa chimakinacho ndikukupiza manja. Kapitawo wa ntchitoyo adabwera, munthu waulemu ndithu, n'kundifunsa vuto. Ndidati pano pali manda. Adatulutsa mapepala ake, adandionetsa mapu, adandionetsa manda atatu obiriwira, kenako adatsegula tsamba lina pomwe padali mfundo za msonkhano wathu, chidindo cha komiti chili pansi. Adati ngati pali cholakwika tikafunse mlembi yemwe adasaina apa, ndipo adandifunsa ngati ndikumudziwa. Ndidati ndine.

Mafupa a khanda sakhalitsa m'nthaka, amasungunuka msanga. Chomwe chimakhalitsa ndi nsalu, makamaka mashawelo a masiku ano omwe saola. Ndi zimenezo zomwe zidayamba kuoneka m'dothi lomwe katapila adakankhira m'mbali: kansalu ka buluu apa, chidutswa cha chitenje apo, kachipewa koluka. Woyendetsa makinawo ataziona adazimitsa injini, adatsika, n'kukakhala pansi patali atagwira mutu. Adangofunsa kuti bwanji sitidanene.

Amayi adabwera okha, osaitanidwa. Adatsetsereka m'modzim'modzi ndi mabeseni ndi malichero, omwe aja adakana kusaina, wamasiye uja ali nawo. Tidayenda m'mbali mwa dothilo tikutola, tikupeta ndi manja, agalu asadazipeze. Palibe adalira, poti kansenye saliridwa, ndipo ngakhale tsiku limenelo tidasunga lamulolo. Palibenso adandiyang'ana kumaso. Amuna adaima kumtunda, m'mbali mwa tala, gulu lalikulu, akuona zonse. Chinsinsi chomwe tidachisunga mpaka kutaya malo chidadziwika ndi senta yonse dzuwa lisadafike paliwombo. Zomwe tidatola tidakazikwirira m'dzenje limodzi m'mphepete mwa manda aakulu, za midzi itatu pamodzi, osadziwa kuti ichi n'cha yani.

Ntchito idaima masabata awiri. Kudabwera akuluakulu, kudachitika msonkhano, mtsikana wa mapulani uja adabweranso. Akuluakuluwo adatifunsa ngati tikufuna msewu usunthe, koma udali woti usunthe kupulumutsa chiyani? Amayi eni ake adati upitirire. Ine ndidapereka kope ndi chidindo kwa wapampando tsiku lomwelo, ndipo sadandikakamize kuti ndikhalebe.

Amuna anga adali m'gulu lija la kumtunda. Tsiku limenelo sadadye, lotsatira adangomwa madzi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira ndipo ndinkafuna atero, chifukwa mkangano ndimautha. Tsiku lachitatu masana, ndikutsuka mbale kuseri, adabwera n'kuima pafupi nane.

"Mayi, wathu uja adalinso pompaja?"

Ndidati eya.

"Ndiye ine ndikulankhula paja, inu mudalemba?"

Ndidati ndidalemba.

Kenako adati ndisambe m'manja ndikawaonetse. Ndidayamba kunena kuti amuna safikako, koma ndidadzimva ndekha kupusa kwa mawuwo, poti pamalopo padali patadutsa kale amuna ndi makina awo.

Tidatsetsereka, iwo patsogolo ine pambuyo. Pamene padagona mwana wanga ndinkapadziwa ndi zinthu ziwiri. Mayi anga aang'ono adandilozera ndi mlomo tsiku lina tikuika wa munthu wina, kuti wako ali apo, pakati pa chulu ndi mtengo wa katope. Zaka zonsezo ndikapita kumeneko ndinkayang'ana chulu, n'kuyang'ana katope, n'kudziwa. Tsopano chulu adali atachigumula n'kumwaza dothi lake pamsewu, katope ali pamulu wa mitengo wina atayamba kale kudulako nkhuni. Padali dothi lofiira losalala kuchokera uko mpaka uko. Ndidayesa kuyeza ndi dambo, ndidayesa ndi denga la tchalitchi, koma paliponse pankaoneka chimodzimodzi. Mwina adali pakati pomwe padzadutse matayala, mwina adali m'beseni lina mwa aja tidapita nawo kumanda.

Iwo adali atavula chipewa, akundidikira. Sindidathe kuwauza kuti nditabisa malowo zaka zonsezi, tsopano ndawataya. Ndidaloza pena m'mbali, pafupi ndi pomwe ankakumba ngalande, n'kunena kuti ndi apa.

Adagwada movutikira, poti mawondo awo adatha kale, n'kuika chikhatho padothi. Adakhala choncho nthawi yaitali. Ali chigwadire adandifunsa kuti mwanayo ankafanana ndi yani. Ndidati makutu adali awo, ndipo chimenecho chokha chidali choona.

Msewu udatha, msika udamangidwa, chimbudzi chomwe ndinkalongolola chilipo, ndipo chiyambire mavenda kuchoka pa tala sitidaikenso munthu wogundidwa. Nyumba zisanu ndi ziwiri zija zilipo, adzukulu a wamasiye uja akukula. Anthu adasiya kuikamba nkhaniyi, kapena amaikamba ine ndikadutsa kale.

Amuna anga akamapita kumsika pa njinga, akayandikira pamene ndidaloza paja amatsika, n'kuikankha chipewa chili m'manja, n'kukakweranso patsogolo. Anyamata a kabaza amawaimbira belu kuti apatuke, ena amawaseka kuti adala ayamba kuzungulira mutu. Ndikakhala nawo ndimatsalira m'mbuyo n'kumayang'ana kwina.

Sabata yatha adabwera ndi kambande ka mtengo m'chubu. Adati mvula ikayamba akufuna akabzale m'mbali mwa ngalandemo, popanda kulembapo kanthu, kuti mwana asamangokhala padzuwa. Adandifunsa ngati pamene ndidaloza paja ndi pomwepo ndithu, poti safuna kulakwitsa kachiwiri. Ndidati ndi pomwepo.